Kodi Mumadziwa? Dzuwa ndi Tulo ku Chikweo

Ku Chikweo si onse amene amagona kukada. Msodzi wa pa nyanja ya Chiuta amachezera m'bwato, namwino amachezera ndi mayi amene matenda ayamba, mlonda amachezera pakhonde la sitolo atafunda chitenje. Kukacha amakadziponya pa mphasa, koma tulo osabwera. Anthu amenewa ndimawamvera chisoni, chifukwa masana akamasinza ena amawanena kuti ndi aulesi.

Kodi mumadziwa kuti mu ubongo muli wotchi? Ndi kagulu ka maselo pafupifupi 20,000 kamene kali pamwamba pomwe mitsempha yochokera m'maso imapingasana. Kunja kukada, kamalamula thupi kutulutsa timadzi totchedwa melatonin, ndipo zikope zimayamba kulemera. Kukawala kamaletsa.

Kodi mumadziwa kuti wotchiyi simayenda maola 24 enieni? Mwa anthu ambiri imapitirira ndi mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo chimene chimaikonza tsiku ndi tsiku ndi kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso. Mu 1962, Michel Siffre wa ku France anakhala miyezi iwiri m'phanga mopanda dzuwa. Pofika pa 14 September, iye ankaganiza kuti ndi pa 20 August.

Kodi mumadziwa kuti dzuwa la masana limafika 100,000 lux (muyeso wa kuwala), pomwe chipinda chowala bwino ndi magetsi sichipitirira 500 kawirikawiri? Ngakhale tsiku la mitambo, panja pamawalabe kuposa m'nyumba. Mayi amene amalawirira kudimba amakonza wotchi yake asanatule khasu.

Kodi mumadziwa kuti tulo ta anansi athu a ku Mozambique tinayezedwapo? Kafukufuku amene anatuluka mu 2017 anayerekeza tauni ya Milange, pafupi ndi chipata cha Muloza, ndi mudzi wa Tengua komwe kunalibe magetsi. A ku Milange ankagona mochedwa ndi ola limodzi, koma ankadzukanso mochedwa, choncho maola a tulo sanachepe. A kumudzi ndiwo amene tulo tawo tinali todukizadukiza: ntchito yolemetsa, kugona pa mphasa, anthu ambiri m'chipinda chimodzi. Zimenezi zinandikhudza, chifukwa timakonda kunena kuti kumudzi n'kumene kuli tulo tokoma.

Kodi mumadziwa kuti thupi limazizira kwambiri cha m'ma 4 koloko m'bandakucha? Ndi nthawi yomweyo imene maso amakana ndipo manja amalakwitsa. Wopalasa bwato kapena woyendetsa njinga yamoto nthawi imeneyi asadzidalire.

Kodi mumadziwa kuti mu 2007, ndiponso mu 2019, bungwe la IARC la pansi pa WHO linaika ntchito yausiku m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa? Kugona mosinthasintha kwa zaka zambiri kumagwirizananso ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Nanga wopanda kuchitira mwina atani? Kuno usana ndi usiku sizisiyana kwambiri, dzuwa limakhala kunja maola 11 mpaka 13 chaka chonse, ndiye silisowa, nkhani ndi kudziwa nthawi yolionera. Msodzi akamachoka kudooko m'mawa, makumba ndi milamba zitagulitsidwa, avale chipewa kapena magalasi akuda. Kunyumba atchinge zenera ndi nsalu yochindikala, ana akasewerere kutali, ndipo ayesetse kugona ola lomwelo tsiku lililonse. Akadzuka masana atuluke panja. Tiyi wa mkaka uja wa pa dooko amulumphe ngati akupita kukagona, chifukwa pakadutsa maola 5 theka la caffeine limakhala likadali m'magazi.

M'mwezi wa Ramadan, pomwe mabanja ambiri ku Machinga amadzuka usiku kudya daku, kukhala panja pang'ono dzuwa likangotuluka, kenako kugonako mphindi 20 masana, kumathandiza kuti thupi lisataye nthawi yake.