Kapamba, Mlonda wa Mwazi Wathu

Abale athu a ku Uraha, kumanzere kwa mimba, kunsi kwa nthiti, Mulungu anaikako kapamba, mlonda wosefa mwazi ndi kugwira tizirombo ta matenda. Ang'anga a ku chipatala anapeza kuti nthenda zina zokhalitsa za m'matumbo zimamfooketsa mlondayu. Chomwechonso chiwindi choonongeka ndi kachasu. Pamenepo chibayo, malungo ndi nthenda youmitsa khosi zimamgwera munthu ndi ukali woposa, ndipo tsiku limodzi lingathe kumtha.

Kwathu kuno mdani wina ndiye likodzo la m'matumbo. Tizirombo take timakulira m'nkhono za m'madzi odikha, monga a m'minda ya mpunga, ndi kulowa pakhungu la wolima. Mazira ake amatsakamira m'chiwindi, mwazi nubwerera ku kapamba, natupa. Makolo ankatema mphini pamimba yotupayo. Komatu mphini sizifika kumene kuli mazira. Mankhwala a praziquantel ndiwo apha nyongolotsizo.

Tsono wodwala m'mimba chaka ndi chaka akatentha thupi, tisayembekeze kuti kuche. Timnyamule usiku womwewo, tinke naye ku chipatala cha St Anne's ku Chilumba, ndipo tiwauze ang'anga za nthenda yake yakale ija.