Ndege Zikachuluka, Kodi Ndiye Kuti Zinthu Zayenda?

Nkhani ya ndege imakoma kukamba, ngakhale kwa ife amene timangoziona zikudutsa pamwamba pa minda ya kachewere. Wailesi ikangolengeza kuti LAM, kampani ya ndege ya Mozambique, kapena Malawi Airlines ikufuna kuwonjezera ndege, akatswiri amatulukira pa msika wa Tsangano mpaka ku Furancungo, aliyense ndi chigamulo chake. Zimene amanenazo si zopusa ayi. Kungoti nzeru zake zambiri tinazitola pamsewu, pomwe zam'mwamba zimayenda mosiyana pang'ono. Tiyeni tizione chimodzichimodzi.

Choyamba, ambiri amati kampani ikagula ndege zambiri ndiye kuti yakula ndipo yalemera. Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Kwathu kuno munthu akagula chapa yachiwiri ndi yachitatu, tonse timadziwa kuti bizinesi yamuyanja, chifukwa palibe amene amawonjezera galimoto pamene yoyambayo ikungomudyera ndalama. Ndiye tikamva za ndege zatsopano, timawerenga chimodzimodzi.

Koma taganizani, abale anga. Chapa ikapanda kudzaza, dalaivala amazimitsa injini n'kudikira, kondakitala akuitanabe anthu mpaka mipando ithe. Ndege ilibe ufulu umenewo. Nthawi ikakwana imanyamuka, kaya muli anthu 60 kaya 16, ndipo mafuta, malipiro a oyendetsa ndi ndalama zolipira pabwalo sizitsika kwenikweni. Komanso pafupifupi theka la ndege zonyamula anthu padziko lonse si za makampani amene amaziulutsa. N'zalendi, ndipo lendiyo imalipidwa mwezi ndi mwezi m'madola, ndegeyo iuluke kapena igone. Choncho chuma cha kampani chili m'mipando yodzaza, osati m'chiwerengero cha ndege. Air Malawi, imene inayamba mu 1964, inkafika mpaka ku London ndi ndege ya VC10 m'zaka za m'ma 1970, koma inatsekedwa mu 2013 chifukwa cha ngongole. LAM nayo inayambiranso ulendo wa ku Lisbon mu Disembala 2023, n'kuuimitsa mu Febuluwale 2025 itaona kuti ukungoitayitsa ndalama.

Chachiwiri n'chokhudza ndege zokhala ndi mafani pa injini. Anthu amati zimenezo n'zachikale, zotsalira za azungu, ndipo kampani yodzilemekeza iyenera kugula jeti basi. Apanso sitingawadzudzule. Zithunzi zakale zonse zimaonetsa ndege za mafani, phokoso lake ndi lalikulu, ndipo poti zimauluka m'munsi pang'ono, zimagwedezeka kwambiri kukachita mphepo. Munthu akagwedezeka kamodzi, nkhaniyo imafika mudzi wonse.

Zoona zake n'zakuti ndege ngati Q400, yopangidwa ku Canada, ili ndi injini ya mtundu womwewo wa jeti, kungoti mphamvu yake imazunguza mafaniwo. Imanyamula anthu pafupifupi 70, pomwe Boeing 737-800 imanyamula oposa 150. Pa ulendo waufupi ngati wa Lilongwe kupita ku Blantyre, jeti yaikulu imangomaliza kukwera n'kuyamba kutsika, itawotcha mafuta ochuluka, pomwe ya mafani imadya pang'ono ndipo imatera bwino pa mabwalo aafupi. N'chifukwa chake Malawi Airlines inayamba ndi mitundu yonse iwiri, wina wa maulendo apafupi, wina wa ku Johannesburg. Ngakhale Ethiopian Airlines, kampani yaikulu kwambiri mu Africa, ili nazo ndege za Q400 zambiri. Za ukalamba nazo, chimene chimateteza anthu si chaka chimene ndege inapangidwa, koma kasamalidwe kake. Chitsulo chilichonse chofunika chili ndi maola ake owerengedwa, ndipo akakwana chimaunikidwa kapena kusinthidwa, ngakhale chikuoneka chabwinobwino.

Chachitatu chimakhudza mtima. Ena amati boma likagwirizana ndi kampani yakunja poyendetsa ndege, ndiye kuti lagulitsa dziko. Mawu amenewa amachokera kwa anthu okonda kwawo, amene anaona kale katundu wa boma akugulitsidwa iwo osapindulapo kanthu. Ndege yokhala ndi mbendera yathu pamchira imatipatsa ulemu, ndiye kumva kuti mwini wina ali ku Addis Ababa, kwawo kwa Ethiopian Airlines, kumawawa.

Komatu tiyang'ane chimene kampani yaing'ono imasowa. Ikakhala ndi ndege ziwiri kapena zitatu, imodzi ikalowa m'garaja maulendo ambiri amaima nthawi yomweyo. Ifunikanso sukulu ya oyendetsa, amakaniko ovomerezeka ndi nkhokwe ya zitsulo, zinthu zodula zimene ndege zitatu sizingathe kuzilipira. Mutu umodzi susenza denga. Pamene kampani yatsopano ya Malawi inayamba kuuluka mu Januwale 2014, boma linasunga magawo 51 pa 100, Ethiopian Airlines n'kutenga 49, ndipo inabweretsa ndege ndi ukatswiri. Ku Zambia, kampani ya Zambia Airways inagwa mu 1994 n'kudzaukanso mu 2021, Ethiopian ili ndi magawo 45 pa 100. Koma tisathamangirenso kunena kuti mnzathu wakunja ndi mankhwala a matenda onse. Ethiopian yomweyo inatsegula kampani ya maulendo a m'kati mwa Mozambique mu Disembala 2018, ndipo mu 2021, mliri wa Covid-19 utachepetsa okwera, inaimitsa ntchitoyo. Mgwirizano umathandiza pa luso ndi pa zipangizo, koma okwera sungawapange.

Chachinayi chimamveka kwambiri nthawi ya kampeni: timangireni bwalo lalikulu la ndege, ndege zidzabwera zokha. Izi zimamveka zanzeru chifukwa ndi mmene msewu umachitira. Phula likangothiridwa, magalimoto amachuluka, mtengo wonyamulira matumba a mbatata umatsika, ndipo ogula amafika mpaka kumunda. Aliyense wa ku Tsangano amene analimbanapo ndi matope a m'dzinja amadziwa zimenezi.

Pa ndege zinthu zimayambira kwina. Bwalo la ku Nacala linatsegulidwa mu Disembala 2014, lokongola zedi, lokonzedwa kulandira anthu 500,000 pachaka, koma kwa zaka zambiri lakhala likulandira ochepa kwambiri poyerekeza ndi chiwerengero chimenecho. Pomwe bwalo la Chingozi ku Tete, lopanda matama, linapeza ulendo wopita ku Johannesburg wa kampani ya Airlink. Chinakoka ndegezo si kukongola kwa nyumba, koma malasha a ku Moatize, amene kampani ya Vale inayamba kukumba mu 2011, ndi mainjiniya komanso amalonda ofunika kupita n'kubwera sabata ndi sabata. Ntchito imayamba, anthu oyenda amachuluka, kenako ndege zimatsatira.

Chomaliza ndi chimene ndimachimva kawirikawiri: ndege n'za mabwana, ife sizitikhudza. Ndani angatsutse msanga? Wachinyamata wopita ku Joni amakwera basi, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, n'kukafika pa Beitbridge miyendo itatupa, chifukwa tikiti ya ndege ingadye zokolola za munda wonse. Africa ili ndi anthu pafupifupi 18 pa 100 alionse a padziko, koma pa maulendo a pandege gawo lake ndi pafupifupi 2 pa 100 okha.

Komabe agogo athu anakwerapo ndege ife tisanabadwe. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi ya ku Joni, inkanyamula amuna opita ku migodiyo pandege, kuchokera ku Malawi kukatera ku Francistown, mpaka ngozi ya mu Epulo 1974 imene inapha anthu 78 pafupi ndi tawuniyo inachititsa Dr. Kamuzu Banda kuimitsa kulemba anthu ntchito za ku migodi. Ndege sinalengedwere olemera okha. Kudula kwa tikiti kuli ndi zifukwa zodziwika: mafuta amene amayenda ulendo wautali kuchokera ku madoko, misonkho yoikidwa pa tikiti iliyonse, zitsulo ndi lendi zolipidwa m'madola pomwe okwera amalipira makwacha ndi metikali, komanso maiko oletsana kuti ndege za mnzawo zisanyamule anthu momasuka. Vuto lomalizali ndi limene African Union inafuna kuthetsa pokhazikitsa msika umodzi wa maulendo a pandege mu Januwale 2018, ngakhale ntchitoyo ikuyenda pang'onopang'ono. Ndipo ngakhale amene sadzakwera ndege, thumba lake limakhudzidwa. Mu 2025 boma la Mozambique linavomereza kuti makampani atatu a boma, HCB, CFM ndi EMOSE, atenge magawo 91 pa 100 a LAM kuti papezeke ndalama zogulira ndege. HCB ndi ija ya magetsi a Cahora Bassa, m'chigawo chathu chomwechino cha Tete.

Tsogolo la makampani a ndege kuno kwathu likuoneka kuti lili kwa amene akukula modekha: ndege zapakatikati zodzaza anthu, zonyamuka pa nthawi yake, zolumikiza mizinda yoyandikana. Airlink yakula motero ndi ndege zake za Embraer, mpaka Qatar Airways inagulamo magawo 25 pa 100 mu 2024, pomwe South African Airways, imene inali ndi ndege zikuluzikulu, inalowa m'manja mwa oipulumutsa ku ngongole mu Disembala 2019. Ndiye mukadzamvanso kuti kwabwera ndege yatsopano, sangalalani ndithu, palibe cholakwa. Mukatha kuwomba m'manja, funsani mafunso atatu: yagulidwa kapena ndi yalendi, idzauluka njira iti, ndipo mipando ikapanda kudzaza adzalipire ndani?