Kagulugufe Kamene Kamadya Chimanga m'Nkhokwe

Achikumbe onse amamudziwa nankafumbwe, ndipo chimanga chikafumbwa mlandu wonse umagwera iye. Koma m'nkhokwe zathu muli mbala inanso imene ife tifuna kuti muidziwe bwino. Mukagwedeza chimanga m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, mudzaona timagulugufe tating'ono tikuuluka. Ambiri amatiyesa topanda vuto, chikhalirecho ana ake ali m'kati mwa njere kudya chakudya cha banja.

Maonekedwe ake

Kagulugufe aka kakatambasula mapiko kamakwana ngati theka la inchi basi. Mtundu wake ndi wonga wa mapesi ouma. Mapiko akumbuyo ndi otuwa, ali ndi ubweya wautali m'mphepete, ndipo nsonga yake ndi yosongoka ngati chala choloza. Akatswiri amakatcha Sitotroga cerealella. Azungu anakapatsa dzina la Angoumois, dera la ku France kumene kanaononga tirigu kwambiri m'zaka za m'ma 1700.

Kumene kamakhala

Kamakonda maiko ofunda ngati lathu lino, ndipo kamadya chimanga, mapira, mpunga ndi tirigu. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kamayambira kumunda. Timagulugufe tochokera m'nkhokwe zakale timaulukira m'minda yapafupi ndi kuikira mazira pa chimanga chokhwima, makamaka chimene makoko ake sanatseke bwino kunsonga. Tsono mlimi pokolola amadzitutira yekha mbalayo kunka nayo kumudzi.

Moyo wake

Kakakazi kamaikira mazira 40 kapena kuposa pamwamba pa njere. Poyamba mazirawo amakhala oyera, kenaka amafiira, ndipo nyengo yotentha amaswa pakatha sabata imodzi kapena isanakwane. Kambozi kotuluka m'dziramo kamaboola njere n'kulowa, ndipo polowera pake ndi paphang'ono kotero kuti maso sapaona. M'katimo kamadya kwa masabata ngati atatu, njereyo ikuonekabe yabwino kunja.

Kakakhwima kamakonzeratu khomo lotulukira: kamadya mpaka kusiya kakhungu kopyapyala kozungulira, konga zenera. Kenaka kamadzikulunga mu ulusi wake ndi kugona, kufikira katasanduka kagulugufe. Apo kamakankha zenera lija n'kutuluka, kusiya bowo lozungulira. Zonsezi zimatha m'masabata 5 nthawi yotentha, koma m'chisanu cha Juni ndi Julayi zimachedwerapo. Motero kuchokera pokolola kufikira dzinja, mibadwo ingapo imabadwira m'nkhokwe imodzi. Njere yodyedwa imapepuka, ufa wake umachepa ndi kununkha, ndipo yambiri simera ikabzalidwa.

Pamene pali kufooka kwake

Kagulugufe kokhwima sikadya chimanga, ndipo kamangokhala moyo sabata imodzi kapena awiri. Thupi lake ndi lofewa, choncho sikangathe kulowa pansi pa mulu wa chimanga chotonola. Kamangofika mainchi ochepa a pamwamba. Koma pakati pa chimanga chosatonola pali mipata yambiri, ndipo kamayenda monga kafunira kuyambira pamwamba mpaka pansi pa nkhokwe. Chifukwa cha ichi tikupemphani kuchita izi:

1. Musanakolole, sesani nkhokwe ndi kutentha zinyalala ndi zitsononkho zonse za chaka chatha.

2. Kololani chimanga chikangouma. Kuchisiya nthawi yaitali pa mkukwe ndiko kuitana mbala.

3. Patulani chimanga chotseguka kunsonga, muyambe kudya chimenecho. Chatsopano musachisakanize ndi chakale.

4. Tonolani, yanikani mpaka njere izilira poiluma, ndipo sungani m'matumba. Matumba osalowa mpweya amapha timbozi popanda mankhwala. Ngati mufuna kuthira mankhwala, funsani mlangizi wa m'dera lanu za muyeso wake, ndipo musathire pa chakudya mankhwala a fodya kapena a thonje.

Inu olima fodya, tikudziwa kuti nthawi yokolola chimanga manja anu amakhala ali m'chigafa. Komabe patulani masiku ochepa osamalira nkhokwe, chifukwa ikatha msanga, ndalama zonse za fodya zidzathera pogula chimanga chodula mu Febuluwale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chimanga nachonso n'chanu pokhapokha mutachisunga bwino.