Napolo: samalani poyenda m'mapiri nthawi ya dzinja

Inu amene mumadutsa m'mapiri a ku Ntengo-Wambalame ndi katundu wa mbatatesi, tamverani. Mvula ikagwa masiku angapo osaleka, dothi la paphiri limamwa madzi mpaka kukhuta. Likalemera, limagumuka pamodzi ndi miyala ndi mitengo. Makolo athu ankati napolo wadutsa.

Si nthano ayi. Mu 2023, mvula ya namondwe Freddy inagumula phiri la Soche ku Blantyre. Matope anakwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo anthu ambiri anafa.

Phiri limayamba lacenjeza. Onani ming'alu yatsopano panthaka ndi mitengo yopendekeka. Mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, ndiye kuti watsekeka kumtunda. Cokanipo msanga!

Mukamva mkokomo ngati wa galimoto yaikulu, musathawire kumunsi. Matope ali ndi liwiro kuposa inu. Thawirani cakumbali, pamalo okwera.

Musagone m'cigwa kapena m'munsi mwa phompho. Mvula ikaleka, dothi limakhala lidakali lonyowa, conco dikirani masiku angapo. Ponyamuka, uzani a kunyumba njira imene mudzere.

Mbatatesi mudzagulitsa tsiku lina. Moyo sagula pamsika.