Masapota a Maule ku Entre Lagos akutsutsanabe pa nkhani ya kochi

Wolemba Mtolankhani Wathu

ENTRE LAGOS, Mecanhelas — Mlendo amene angatsike pa siteshoni ya sitima pano Lamulungu masana n'kumva anthu akukuwa m'mabaraka asathamangire kukaitana apolisi. Kawirikawiri sikukhala ndewu ayi. Ndi mpira wa ku Blantyre umene ukumveka pa wailesi.

Anthu ambiri a kuno, pakati pa nyanja ya Chilwa ndi ya Chiuta, amatsata ligi ya ku Malawi kuposa Moçambola. Chifukwa chake n'chosabisika. Nayuchi ali pafupi pomwepa, tsidya la malire, pamene Lichinga ndi Nampula ndi ulendo wautali. Ambiri anakhalako ku Malawi nthawi ya nkhondo, nabwerako mtendere utasainidwa mu 1992 atanyamula mapoto, ana, ndi timu mumtima. Ena anabwera ndi Wanderers, Manoma. Koma ochuluka anabwera ndi Big Bullets, imene amaitcha Maule.

N'chifukwa chake pamene zinamveka kumapeto kwa 2024 kuti mphunzitsi wa Bullets, Bambo Kalisto Pasuwa, akuchoka, nkhaniyi inalowa mumsika ngati maliro a pamudzi. Inali nyengo yopalira chimanga, koma amuna ena ankaweruka msanga kumunda kuti akamve ngati wailesi yatchula dzina la wolowa m'malo.

Bambo Pasuwa ndi a ku Zimbabwe. Asanabwere ku Blantyre anali atapambana ligi ya kwawo kanayi motsatizana ndi timu ya Dynamos, kuyambira 2011 mpaka 2014, ndiponso anatsogolera timu ya dziko lawo ku mpikisano wa Africa ku Gabon mu 2017. Anafika ku Bullets chakumapeto kwa 2018 ndipo ligi inakhala m'manja mwa Maule kasanu motsatizana. Mu 2023 anasesa zonse: ligi, chikho cha FDH Bank, cha Airtel Top 8 ndi cha Castel. Koma mu 2024 zinthu zinatembenuka. Silver Strikers ya ku Lilongwe inatenga ligi, Wanderers inakhala yachiwiri, Bullets yachitatu. Chikho cha FDH nacho chinapita kwa Blue Eagles pa mapenate.

Apa ndi pomwe masapota a kuno anagawikana, ndipo sanagawikane pawiri mofanana.

Gulu lalikulu, makamaka la akuluakulu, linkafuna mwana wa pakhomo, munthu amene anavalapo jezi yofiira. Iwowa ankakumbutsa anzawo za 2004, timu ikutchedwa Bakili Bullets, pamene Bambo Kinnah Phiri anaifikitsa mu ndime ya magulu ya CAF Champions League atagonjetsa Orlando Pirates ya ku South Africa. Ankati m'zaka zonse za Bambo Pasuwa, ndi zikho zawo zonsezo, Maule sanafikeko pamenepo. Ndipo sankanama. Mu 2022 anatulutsidwa ndi Simba ya ku Tanzania, mu 2023 ndi TP Mazembe ya ku Congo, mu 2024 ndi Red Arrows ya ku Zambia. Kwa akuluakuluwa, kumenya anansi chaka ndi chaka n'kumagwa ukangowoloka malire si ukatswiri wokwanira.

Achinyamata, anyamata a kabaza ndi ogulitsa matemba, ankayankha kuti timu ya 2004 ija inali ndi ndalama za Bambo Bakili Muluzi, amene panthawiyo anali munthu wamkulu m'dziko la Malawi, ndipo kuti zimene zinawina pamenepo ndi thumba pamodzi ndi kochi, osati kochi yekha. Iwo ankafuna mlendo wina. Maganizo awo anali akuti mlendo alibe mnzake m'timu, alibe mlamu mu komiti, sadziwa kuti wosewera uyu ndi mwana wa yani, choncho amasankha poona miyendo basi.

Mfundo imeneyi ili ndi nzeru, koma ine ndimaona kuti imalemekeza pasipoti mopitirira. Kuno kwathu Mambas inakhala zaka zambiri osapita ku mpikisano wa Africa kuchokera 2010, ndipo amene anaibwezerako, ku Côte d'Ivoire mu Januwale 2024, ndi Bambo Chiquinho Conde, mwana wa ku Beira. Komanso Black Bulls inatenga Moçambola mu 2021 ndi mphunzitsi wa ku Portugal, Bambo Hélder Duarte. Aliyense angathe kutola chitsanzo chomukomera, ndipo m'mabaraka a pano aliyense anatoladi.

Chinandiseketsa n'chakuti ena mwa amene ankakana mlendo mwamphamvu ndi anthu oyenda ndi chiphaso cha Mozambique m'thumba, ogula fodya wawo ndi meticais. Akapita ku Kamuzu Stadium iwo eni ndi alendo. Pakamwa pawo mawu awiri amasinthana, pena treinador, pena kochi. Koma pokamba za Bullets amati timu yathu, ndipo palibe amene angawalande mawu amenewo.

Panalinso kagulu kochepa kamene kankati vuto si kochi. Kankati osewera abwino amagulitsidwa kunja, otsala amakalamba, ndipo aliyense wobwera adzapeza nkhokwe yomweyo. Kaguluka sikankamvedwa kwenikweni. Nkhani ya osewera ndi ndalama ndi yaitali, pamene dzina la munthu mmodzi ndi losavuta kulikuwa.

Dzina limene linkabwerabwera ndi la Bambo Peter Mponda. Iwowa anali kaputeni wa Bullets, analinso kaputeni wa Flames imene inachinya Algeria 3-0 ku Angola mu 2010, ndipo anagwirapo ntchito ngati wothandizira Bambo Pasuwa. Koma ndi iwo omwe amene anali atangolanda ligi ya 2024 ali mphunzitsi wa Silver Strikers. Apa ngakhale ofuna mwana wa pakhomo anasiyana. Ena ankati munthu amene wakugwetsa ndiye akudziwa pomwe pali chilonda chako, mtengeni. Ena ankati mwana amene wamenya bambo ake pabwalo sabwerera m'nyumba popanda mwambo. A Manoma, amene nkhaniyi siinali yawo, ankangothira mchere, kufunsa a Neba ngati ndalama zomulipira zilipo.

Awerengi adziwe kuti kwa anthu a kuno izi si masewera okha. Palibe mmodzi amene ali ndi voti ku Bullets, ndipo akuluakulu a timuyi ku Blantyre mwina sadziwa n'komwe kuti ku Mecanhelas kuli anthu osagona chifukwa cha iwo. Koma sapota amagula mabatire kapena mayunitsi a foni, amalipira pakhomo la kanema, ndipo Lolemba m'mawa ayenera kukayala malonda ake pafupi ndi mnzake wa Wanderers. Amene timu yake yaluza amadya chipongwe sabata yathunthu. Achinyamata ena amabetchanso, ndipo imeneyo ndi ndalama ya ndiwo.

Mu Januwale 2025 Bullets inalengeza kuti Bambo Mponda ndiwo mphunzitsi watsopano. Bambo Pasuwa, amene anali atagwirizira kale timu ya Flames kumapeto kwa 2024 n'kuchinya Burkina Faso 3-0 ku Lilongwe, anapatsidwa ntchitoyo kwathunthu chaka chomwecho cha 2025. Akuluakulu a kuno anayenda mothimbwidzika masiku angapo. Achinyamata anati tidzaonana kumapeto kwa ligi.

Kumapeto kwa 2025 ligi inapita kwa Wanderers, koyamba chitengereni mu 2017. Ofuna mlendo anati tinanena. Ofuna mwana wa pakhomo anati chaka chimodzi sichikwana kumanga timu, ndipo anakumbutsa kuti Bambo Pasuwa nawonso anasiya Maule pa nambala yachitatu. Kagulu kochepa kaja kanayesanso kutchula za osewera, koma mawu awo anamira m'phokoso la sitima ya malasha yochokera ku Moatize imene inkadutsa kupita ku Nacala. Mabogi atatha, mkangano unayambiranso pa dzina la kochi.