Za Kukonza ndi Kufananitsa Mafayilo pa Seva ya Kutali

Kale zolembedwa zonse za sukulu zinkakhala m'kabati ya mphunzitsi wamkulu, ndipo wofuna kukonza cholakwa m'buku ankapita yekha kukalitenga. Masiku ano sukulu yokhala ndi webusayiti isunga mafayilo ake pa seva, ndiyo kompyuta yosazimitsidwa usana ndi usiku, imene kawirikawiri ili kutali, kaya ku Johannesburg kaya ku Ulaya. Tsono mphunzitsi wa ku Chirimba ayenera kudziwa njira yofikira m'kabati imene sadzaiona ndi maso.

Njira yakale yotumizira mafayilo itchedwa FTP, ndipo anayamba kuilongosola ndi Abhay Bhushan m'chaka cha 1971. Chilema chake n'chakuti dzina la munthu ndi mawu ake achinsinsi ziyenda poyera, monga kalata yosamata imene aliyense angathe kuiwerenga m'njira. M'chaka cha 1995 Tatu Ylönen wa ku Finland anakonza SSH, imene isokoneza mawu onse kotero kuti wowatola m'njira samvapo kanthu. Njira ya SFTP iyenda m'kati mwa SSH, ndipo ndiyo yoyenera sukulu. Mapulogalamu aulere monga FileZilla ndi WinSCP aonetsa mbali ziwiri: kumanzere mafayilo a m'kompyuta ya mphunzitsi, kumanja a pa seva.

Poyamba ntchitoyi pafunika zinthu zinayi: adiresi ya seva, dzina lolowera, nambala ya khomo, ndi kiyi. Khomo la SSH kawirikawiri ndi 22, pamene la FTP ndi 21. Kompyuta ipanga zinthu ziwiri zoyenderana, zonga loko ndi kiyi wake. Loko aikidwa pa seva, ndipo palibe choopsa ngakhale anthu amuone. Koma kiyi atsala m'kompyuta ya mwini wake, ndipo sabwerekedwa kwa munthu, ngakhale mnzake wa pamtima.

Mapulogalamuwa alola munthu kutsegula fayilo ya pa seva ndi kuikonza pomwepo. Izi n'zofulumira, komatu zili ndi ngozi, pakuti cholakwa chilichonse chionekera pomwepo kwa onse owerenga. Ndiponso magetsi akathima kapena intaneti ikaduka fayilo ili m'njira, pa seva pangatsale chidutswa chokha. Chifukwa chake wanzeru akonza fayilo m'kompyuta yake, naiwerenganso, ndipo pambuyo pake ndi pamene aitumiza.

Kufananitsa ndiko kuchititsa kuti za m'kompyuta ndi za pa seva zikhale chimodzimodzi. Chida chotchuka pa ntchitoyi ndi rsync, chimene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras a ku Australia anachitulutsa m'chaka cha 1996. Choyamba chiyang'ana kukula kwa fayilo iliyonse ndi nthawi imene inasinthidwa, zosasintha chizisiya. Fayilo imene yasintha chiigawa m'zidutswa, chidutswa chilichonse chipatsidwa nambala yaifupi yochizindikirira, ndipo zidutswa zosiyana zokha ndizo ziyenda pa intaneti. Ngati mphunzitsi ali ndi mafayilo 200 ndipo wakonza atatu, salipirira kutumiza onse 200. Kwa munthu wogula intaneti ndi ndalama za m'thumba mwake, phindu lake n'loonekeratu.

Koma pali misampha itatu. Woyamba ndi kusokoneza kochokera ndi kopita, pakuti wotembenuza ziwirizi akwirira ntchito yatsopano ndi yakale. Wachiwiri ndi lamulo la --delete, limene lifafaniza pa seva fayilo iliyonse yosapezeka m'kompyuta. Wochenjera ayamba ndi --dry-run, limene lingoonetsa zimene zichitike popanda kukhudza kanthu. Wachitatu ndi aphunzitsi awiri kukonza fayilo imodzi tsiku limodzi: wotumiza pambuyo afafaniza ntchito ya mnzake mosadziwa. Mankhwala ake ndi kupangana kuti fayilo iliyonse ikhale ndi mwini mmodzi.

Kufananitsa si kusunga. Fayilo ikaonongeka m'kompyuta, kufananitsa kungonyamula kuonongekako kupita nako ku seva. Choncho pafunikanso nkhokwe ina, yosungiramo mafayilo a masiku apita, aliyense ndi tsiku lake, ndipo ikhale pa malo ena. Anthu a mu Blantyre sanaiwale namondwe Freddy wa mwezi wa Malichi 2023, amene anagwetsa nyumba ku Chilobwe ndi ku Ndirande. Madzi otere sasankha pepala kapena kompyuta.

Chotsiriza n'chokhudza ana. Mayina awo, malikisi awo ndi nambala za makolo awo siziyenera kuikidwa m'chigawo cha seva chimene aliyense angathe kutsegula pa intaneti. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la chaka cha 2024. Koma ngakhale lamulo likadapanda kukhalapo, kholo popereka mwana kwa mphunzitsi limpatsanso dzina la mwanayo kuti alisamale.