Khomo la Bungwe la Anthu Ophunzira

Bungwe la Royal Society, limene linayamba ku London m'chaka cha 1660, linali ndi malamulo olimba a pakhomo. Munthu ankakhala membala pokhapokha atasankhidwa ndi mavoti, ndipo ankasonkha sheleni imodzi mlungu uliwonse. Mlendo sankalowa pamsonkhano popanda chilolezo.

Mu 1667 mayi wolemba mabuku, Margaret Cavendish, analoledwa kudzaonerera tsiku limodzi lokha, amuna atayamba atsutsana. Akazi oyamba anasankhidwa mu 1945, patapita zaka 278.

Bungwe lotere kuno kwathu, Nyasaland Society, linayamba mu 1946, nilisanduka Society of Malawi mu 1964. Aphunzitsi a ku Dowa ndi Ntchisi ofuna kuyambitsa awo akumbukire kuti lamulo losunga mwambo likhozanso kutsekera nzeru kunja.